Mawu a M'munsi Nambala 43

Mayi uja analowa mu ofesi mwanga Lolemba m'mawa osagogoda n'komwe. Anaponya mapepala patebulo, kapu n'kugwedezeka, tiyi n'kutayikira pa mayeso a ana a eni amene ndinkachonga.

"Werengani," anatero. "Apo azunguliza ndi inki yofiirapo. Mokweza, a Dokotala, ndimve mmene mawu anu amakomera mukamawatchula nokha."

Mapepalawo ndinawadziwa ndisanawagwire. Linali pepala langa, limene linatuluka chaka chatha m'magazini ya akatswiri a zamalamulo: masamba makumi atatu ndi awiri onena za anthu amene amabisa chikhulupiriro chawo m'nyumba zawo zomwe. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuphunzitsa za ufulu wa chipembedzo pa yunivesite, ndipo pa zonse zimene ndinalembapo, ili ndilo linanditchukitsa. Linali pamwamba penipeni pa fayilo yanga yopempha upulofesa. Mtima wa pepalalo unali mayi ameneyu, amene ndinamutcha Mayi K.

Inki yofiira inazungulira timawu ting'onoting'ono ta pansi pa tsamba, tija anthu ambiri amangodumpha, timene ife timati mawu a m'munsi. Nambala 43. Ndinawerenga mokweza.

"Kucheza ndi Mayi K (si dzina lawo), a zaka 34, oyeza maso pachipatala cha kampani ya njanji, mayi wa mapasa, okwatiwa ndi mwana wa mkulu wa mpingo."

"Pachipatala cha njanji oyeza maso tilipo angati?" anafunsa.

Anadziyankha yekha.

"Tilipo awiri. Winayo ndi bambo wa dazi, ndipo sanaberekepo mapasa."

"Koma dzina ndinasintha, mayi."

"Dzina!" Anaseka, kuseka kowawa kuposa kulira. "Mwandibisa ngati mwana wochita chibisalirano, wophimba m'maso thupi lonse lili pamtetete. Munandisainitsa fomu, inu. Munati ngakhale mphepo sidzadziwa."

Ndinamukokera mpando, anakana. Anafotokoza zonse ali chilili, chikwama chili kukhwapa. Lachisanu poweruka ku ntchito anapeza loko wa pakhomo wasinthidwa, zovala zake zili m'thumba pakhonde. Mapasa aja, mtsikana ndi mnyamata a zaka zisanu ndi chimodzi, bambo wawo anali atakawatenga kusukulu n'kukawasiya kwa agogo awo. Tsopano mwamunayo anali atasuma kukhoti la mabanja kuti anawo azikhala ndi iye, ati mayi wawo ndi wachiphamaso, amapita nawo ku kagulu kachinsinsi. Umboni wake unali umodzi wokha, ndipo unali patebulo panga, utanyowa ndi tiyi. Mlandu unkalowa pakatha masabata awiri.

"Nanga pepalali analipeza bwanji?" ndinafunsa. Magazini athuwa ngakhale alembi akefe sitiwerengerana.

"Mlamu wanga, mng'ono wa bambo a ana, ali m'kalasi mwanu. Munawauza nokha kuti aliyense aliwerenge, lidzabwera pa mayeso."

Ndinamudziwa nthawi yomweyo. Mzere wachiwiri, wa magalasi, wakhama, mmodzi yekha m'kalasi monsemo amene amawerenga ngakhale mawu a m'munsi. Mwezi wathawo ndinali nditamuyamikira pamaso pa anzake chifukwa cha khalidwe lomwelo. Panali mapepala makumi awiri a anthu ena amene ndikanawapatsa kuti awerenge, koma mphunzitsi wa pa yunivesite akalemba chinthu, amafuna ana amve kuti iyenso ndi munthu.

"Pepani," ndinatero.

"Pepani wanuyo ndikamufunde? Mwana wanga wamwamuna uja ali ndi mphumu, apongozi anga sadziwa n'komwe kagwiridwe ka mankhwala ake opopera m'kamwa aja. Ine sindinadzere pepani. Munandigwetsera m'dzenje ndinu, munditulutsemo."

Ndiyenera kunena mmene nambala 43 inabadwira, ngakhale ndikaikumbukira mpaka lero ndimafuna kuswa kenakake.

Make mapasa ndinakumana naye zaka zitatu m'mbuyomo, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonzera mawailesi. M'menemo anthu khumi ndi anayi ankakumana Lachitatu lililonse nthawi ya nkhomaliro, kupemphera mwa njira yawo. Panalibe chikwangwani, panalibe belu, ankaimba chonong'ona pakati pa mawailesi akufa. Kunyumba mayiyu ankapitabe ku mpingo wa apongozi ake, n'kumaimba m'kwaya, yunifolomu yosita bwino. Kushopuko masiku ena ankabwera ndi mapasa ake, mpaka anawo anandizolowera. Zinanditengera miyezi isanu kuti avomere kulankhula nane. Tinachezera m'galimoto mwanga, magalasi otseka, karekoda kojambulira mawu kali pabondo. Anandiuza zinthu zimene mayi ake omubereka sanazimvepo.

Poyamba ndinalemba bwinobwino: "Mayi K, wa mumzinda." Basi. Kenako pepala linapita kwa ounika. Kwa amene simudziwa, pepala lisanatuluke limayamba lawerengedwa ndi akatswiri awiri obisidwa mayina. Iwowo ndiye amabisidwa mwaluso, mpaka lero sindikuwadziwa. Wounika wachiwiri analemba kuti anthu a m'pepala langa sakumveka ngati anthu enieni, angokhala zithunzithunzi, owerenga ayenera kudziwa msinkhu wawo, ntchito yawo ndi malo awo m'banja. Ndinapita nazo kwa Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yathu, amene anandiphunzitsa, amenenso dzina lawo lili patsogolo pa langa papepalalo ngakhale kuseri kwa shopu ija sanapondeko.

"Mpatse zimene akufuna," anatero. "Wounika sakangana naye."

Ndinampatsa. Palibe anandigwira dzanja, zimenezo ndisanamizire munthu. Ndinakhala pampando wanga masana ena, ndikukukuta mabisiketi, n'kuwonjezera timawu tija, ndipo ndikukumbuka kuti ndinakondwa. Mapasa aja ankakometsa nkhani. Pambuyo pake pepalalo linadutsanso m'manja mwa wounika uja, mkonzi wa magazini, Pulofesa, ndi mayi wina amene ntchito yake ndi kuona ngati zizindikiro zili m'malo mwake. Nambala 43 mayi ameneyu anandibwezera kawiri konse: koyamba ati ndaiwala chaka, kachiwiri ati mpatuliro uli polakwika. Anthu asanu, anayi mwa ife odya za ufulu wa anthu, tinayang'anitsitsa mzere umenewo. Tinaona mpatuliro, munthu osamuona.

Lolemba lomwelo ndinakwera masitepe kupita ku ofesi ya Pulofesa. Ophunzira amawatcha a Monga-ndinalembera, chifukwa ngakhale moni sangayankhe osatchula buku lawo. Ofesi yawo ndi ya kapeti, khoma lodzaza zithunzi za iwo akugwirana chanza ndi anthu a mikanjo. Anamvetsera atatsinzina, zala atalukanitsa pamimba. Nditamaliza anatsegula maso. Ndinkayembekeza kuonamo mantha, kapena manyazi. Ndinaonamo njala.

"Mwana wanga, ukudziwa chimene watibweretsera? Mlandu wachitsanzo! Zaka makumi awiri ndakhala ndikuudikira. Kodi khoti lingalande mayi ana chifukwa cha chikhulupiriro chake? Monga ndinalembera m'mutu wachisanu…"

"A Pulofesa, mlandu ukulowa pakatha masabata awiri. Aluza."

"Aluze kumene! Kukhoti laling'onoli aluze, ndi zimene tikufuna. Tichita apilo. Akaluzanso, tikwera nawo pamwamba. Ife tilowamo ngati akatswiri othandiza khoti. Pomatha zaka zitatu kapena zinayi tili ndi chigamulo chimene zidzukulu zathu zidzaphunzira."

"Ana ake adzakhala ali ndi zaka khumi."

"Ufulu sunabwerepo popanda nsembe."

"Nsembeyo ndi ana a ndani? Anu aja ali kunja, akuphunzira."

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi, ngati ndalavula pakapeti pawo. Ndinafunsa kuti nanga mwiniwake akakana. Anati ndikamufotokozere modekha, poti anthu awa nthawi zina sadziwa kukula kwa nkhani yawo. Anthu awa! Munthu wadya, wavala, wakwera ndege zaka makumi atatu pamsana pa "anthu awa", koma sanakhalepo nawo pabenchi limodzi. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinali nditakhala zaka zonsezi ndikufuna kudzakhala ngati iwowo.

Nditagwira chitseko anandiitana, mawu atatsika tsopano.

"Ukakumana ndi a komiti, ukumbuke kuti wocheza ndi anthuwo unali iwe. Ine ndinangothandizapo mbali ya malamulo."

Tsiku la mphoto dzina lawo patsogolo, tsiku la mlandu kumbuyo. Ndinamenyetsa chitseko mpaka chithunzi chimodzi chinapendekeka.

Komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku inakumana Lachinayi, anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi botolo lake la madzi. Anafunsa ngati fomu ya chilolezo inasainidwa. Inasainidwa. Ngati karekoda kali m'kabati yokhoma. Kali momwemo. Ngati dzina linasinthidwa. Linasinthidwa. Wapampando mtima unakhala m'malo, anamwetulira: ndondomeko yonse inatsatidwa, yunivesite ilibe mlandu. Anandilangiza kuti ndikafunsidwa kukhoti ndisavomere, ndisakanenso. Ndinawafunsa kuti nanga ana? Mlembi anayang'ana fomu yake uku ndi uku, sanapezepo mzere wa ana, nalemba kuti nkhani yatsekedwa.

Loya wa make mapasa anali mayi wamfupi, wa maso otopa, wa ku bungwe lothandiza anthu osowa pogwira pa milandu. Ofesi yake inali pamwamba pa shopu ya matayala, monse mukununkha labala. Ndinamuphunzitsapo zaka khumi zapitazo, ndipo sindinkamuwerengera m'gulu la anzeru.

"A Dokotala, zimene munatiphunzitsa ndikuzikumbuka," anatero. "Chipembedzo pachokha si chifukwa cholandira mayi ana ake. Koma loya wa bamboyo si chitsiru. Za chipembedzo sakuzikhudza n'komwe. Akuti mayiwa akhala akunamiza mwamuna wawo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amapita ndi ana kumalo amene bambo wawo sadziwa. Woweruza uja ndimamudziwa. Akangokhulupirira kuti Mayi K ndi awa, ana apita."

"Ndikakana kuyankha?"

"Mukangoti chete, aliyense m'khotimo amva inde. Kenako apempha kuti mubweretse karekoda kanu kaja."

Make mapasa anali pakona, atakhalira bokosi la mafayilo. M'masiku ochepa omwewo anali ataonda, kolala ya yunifolomu ya kuchipatala ikuchita kulendewera. Ndinamufotokozera maganizo a Pulofesa, poti ndinayenera kutero. Anandilola ndimalize.

"Ndiye ndisanduke mutu wa buku lina?" anatero. "Zaka zinayi? Podzabwera adzandipatsa moni wa alendo, atagwira m'chigongono. A Dokotala, Mulungu wanga amandidziwa, sakudikira chigamulo cha khoti. Ine ndikufuna ana anga."

"Kuchimuna mwawauza chiyani?"

"Ndakana. Ndati si ine, inuyo sindikukudziwani, kushopu ya mawailesi sindinapondeko. Apongozi anga akufunitsitsa kundikhulupirira, akuopa manyazi kumpingo. Chawatsekereza ndi pepala lanuli. Akuti munthu wophunzira chonchi sanganame."

Loya uja anayamba kusanja mafayilo amene anali osanja kale.

"Ine sindingakuuzeni zokanena, a Dokotala. Sindinamvenso kanthu. Ndatsikira pansipa, ndikagule madzi."

Tinamvetsera nsapato zake zikutsika masitepe. Pansi wina ankamenya tayala ndi chitsulo. Make mapasa anandiyang'ana m'maso, ndipo anafunsa pang'onopang'ono, ngati akuyeza munthu maso.

"Zoona, a Dokotala? Munthu wophunzira sanganame?"

M'ntchito yathu ukhoza kuba nzeru za wophunzira wako, ukhoza kuwerengera ana manotsi omwewo zaka makumi awiri, udzapuma ndi ulemu, akuimbire m'manja. Tchimo losakhululukidwa ndi limodzi lokha: kupeka umboni. Wopeka sakhalanso ndi dzina, ndipo zonse zimene analembapo zimapita naye kudzala. Kuwonjezera apo, kunama utalumbira m'khoti ndi mlandu, ndinkaphunzitsa ndekha zimenezo chaka choyamba. Ndinatsika masitepe aja nditakwiyira aliyense: Pulofesa, komiti, wounika wopanda nkhope uja, mwamuna wosintha maloko, ngakhale mayiyo amene, chifukwa chofunsa funso limene yankho lake ndinkalidziwa.

Loweruka masana ndinapita kwa achemwali anga. Iwowa ndi amene anandilera amayi atamwalira, ndipo ali ndi saluni ya mipando itatu kuseri kwa siteji ya mabasi. Ndinadikira kasitomala womaliza atuluke, ndinawafotokozera zonse osatchula chipatala kapena mapasa. Nzeru zobisa munthu zinandibwerera mochedwa.

Achemwali ankatsuka zipeso mubeseni. Sanatembenuke n'komwe.

"Madigiri atatu, n'kulephera kusunga chinsinsi? Ine muno ndimadziwa amene ali ndi mimba ya eni, amene akumwa mankhwala mobisa, amene mwamuna wake anathawa kalekale koma akuti ali ku ntchito. Unamvapo kwa ine? Ndipo sindinasainitsepo munthu fomu."

"Achemwali, ndikanena kuti ndinapeka, ntchito yatha. Palibe yunivesite idzandiyang'anenso. Zaka zonse zija munkaima tsiku lathunthu kuti ine ndiphunzire…"

"Iii, usandilowetsemo ine. Miyendo yangayi inatupa kuti udzathandize anthu, unkatero wekha mamina ali chuchuchu. Sinatupire fayilo."

"Komatu pepalalo ndi loona! Ndi lokhalo limene likunena kuti anthu amenewa alipo, akuvutika m'nyumba zawo. Ndikalipha, onse amene amati vutoli kulibe avina."

"Avina, atopa, akhala pansi. Pepala lina adzalemba wina, mwina wanzeru kuposa iwe. Ana ajawo mayi wina ali naye?"

Ndinakalipa. Ndinati iwo sadziwa chimene ndataya kuti ndifike pamene ndili, banja limene sindinamange, misonkhano imene amuna ankandituma tiyi ndili ndi digiri yoposa yawo. Anandisiya ndibwebwete mpaka mpweya unandithera. Kenako anapukuta manja pa epuloni, nakoka mpando wa pasinki.

"Zonsezo n'zoona, ndinaziona. Koma wayatsa moto ndiwe, ndiye usafunse kuti madzi atunge ndani. Khala apa ndikuchape m'mutu, ukuoneka ngati tsache."

Ndinalira madzi akuyenderera m'makutu. Achemwali anachita ngati ndi sopo wandilowa m'maso.

Lolemba ndinalembera mkonzi wa magazini kalata ya mizere inayi, yakuti Mayi K kunalibe ndipo pepalalo lichotsedwe. Kakhadi ka m'karekoda ndinakadula ndi sizasi ya mu ofesi, tizidutswa n'kutaya m'mabini atatu osiyana. Pofika Lachitatu kalata yondiimitsa ntchito inali pansi pa chitseko. Komiti ija, imene inalibe mzere wa ana, mzere wa ine inaupeza tsiku limodzi. Pulofesa analengeza kuti ndi odabwa ndi okhumudwa kwambiri. Tinakumana pamasitepe ine nditanyamula katoni ya mabuku, anayang'ana uku ndi uku kuti pasakhale wotiona, nanong'ona mano atalumana.

"Ndikudziwa chimene wachita. Wapha mlandu wabwino kwambiri wa m'badwo uno."

Ndinawauza kuti andipatse njira, katoni ikulemera.

Chipinda cha khoti chinali chaching'ono, chotentha, mabenchi asanu, fani yakufa. Kumanzere kunakhala akuchimuna: mwamunayo atavala suti yothina m'khosi, amayi ake atakumbatira chikwama pachifuwa, ndi wophunzira wanga wa mzere wachiwiri uja, maso ali pa nsapato zake. Kumanja make mapasa ndi loya wake, awiriwiri basi. Ndinakweza dzanja, ndinalumbira kunena zoona zokhazokha.

Loya wa mwamunayo anali wamtali, wa mawu okoma. Za kalata yanga anali atamva, koma ankaganiza kuti lumbiro lindiwongola.

"A Dokotala, Mayi K ndi ndani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Mwalemba masamba makumi atatu ndi awiri."

"Ndinamupanga. Chidutswa apa, chidutswa apo. Tsiku lina ndinapita kuchipatala cha njanji kukayezetsa maso, ndili pamzere ndinamva anamwino akukamba za mnzawo wa mapasa, ati apongozi ake ndi akuluakulu a mpingo. Ndinaona kuti zikometsa nkhani, ndinaziika. Mayi awa sindinachezepo nawo."

"Mawu onse ali m'pepalamu, akulira, akupemphera, analankhula ndani?"

"Ine."

"Karekoda kali kuti?"

"Mulibe kanthu. Munalibe chiyambire."

Mawu okoma aja anatha. Anayandikira mpaka ndinamva fungo la mafuta ake ometera.

"Mukuuza khoti lino kuti inu, mphunzitsi wa malamulo, ndinu wabodza?"

"Inde."

"Nanga tidziwa bwanji kuti simukunama lero?"

"Simungadziwe, bwana. Wabodza ndi wabodza."

Loya wa mwamunayo anabwerera pampando wake. Anazindikira kuti wadula yekha nthambi imene anakhalira: ndikhale ndinanama kale kapena ndikunama lero, pepala langa silikanagwiranso munthu. Woweruza anavula magalasi nandidzudzula kwa mphindi makumi awiri. Anati ndine manyazi a ntchito yauphunzitsi, ndatsala pang'ono kupasula banja la anthu osalakwa chifukwa chofuna kutchuka. Chodabwitsa n'chakuti pa zonse zimene zinanenedwa m'chipindamo tsiku limenelo, mawu amenewo ndiwo anali oona. Ndinaima nditazyolika, mano nditaluma ndi mkwiyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikuuza ana a eni kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza poyera, ndipo chinthu chimodzi chokha chothandiza chimene ndinachitira wopembedza weniweni chinali kulumbira kuti kulibe.

Chigamulo chinali chachifupi. Umboni palibe. Ana abwerere kwa mayi wawo lero lomwe, zina zonse banjalo likakambirane.

Panja dzuwa linali paliwombo. Galimoto yanga inali itatsekerezedwa ndi ya akuchimuna, choncho ndinaima pakhoma kudikira kuti achoke. Azakhali a anawo anali atawasunga m'galimotomo nthawi yonseyi. Chitseko chitatsegulidwa, mapasa anathamanga ngati akuthawa moto. Make mapasa anagwada pakonkire, nawakumbatira onse awiri, kuwanunkhiza m'mutu, kuwagwiragwira m'nthiti, kufunsa wamwamunayo ngati akupuma bwino. Apongozi ake anaima pambali akulira, dzanja lili paphewa pake.

"Mutikhululukire, mayi. Satana anatilowera kudzera m'pepala. Tipita tonse kumpingo, mukaima kutsogolo, anthu akaone okha."

"Zatha, amayi," anayankha make mapasa. "Ndikaima."

Apo ndi pamene kamtsikana kanandiona. Kanasuzumira paphewa pa mayi ake, nkhope n'kuwala, kanaloza ndi chala.

"Amayi, taonani! Si anti aja a kumawailesi?"

Agogo aja anatembenuka kundiyang'ana, misozi ikadali m'masaya. Mwamunayo, amene anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, anaima kiyi ali m'manja.

Make mapasa sanandiyang'ane. Anagwira mwanayo m'mapewa, ndipo ndinaona zala zake zikulowa m'diresi.

"Ayi. Wasokoneza. Mayi awa sunawaonepo. Nena kuti sindikuwadziwa."

Mwanayo anayang'ana ine, anayang'ana mayi ake.

"Koma amayi…"

"Nena."

"Sindikuwadziwa."

"Mokweza, agogo amve."

"Sindikuwadziwa, agogo."

Agogowo anayang'ana mdzukulu wawo, kenako mpongozi wawo wogwada pansiyo. Chimene anaona sindikudziwa. Anatulutsa kansalu m'chikwama, napukuta kumaso.

"Ana amafananitsa anthu," anatero. "Tiyeni, dzuwa lawawa."

Analowa onse, mayi pakati, mwana uku mwana uku. Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kudutsa pafupi ndi pamene ndinaima. Kamtsikana kaja kanali kuwindo. Kanandiyang'ananso, ndipo dzanja lake linayamba kukwera lokha kuti kandibayibitse. Mlongo wake anatambasula mkono kudutsa pamiyendo pa mayi wawo, naligwira dzanjalo, n'kulitsitsa.